Ndinafufuta Chigoli cha Mwana Wanga ndi Tcheni

Mukadzamva kuti kuno ku Leicester kuli mayi wina amene saloledwanso kuyandikira mzere wa bwalo la mpira, musavutike n'kufunsa dzina. Ndine. Ndaganiza zoti nkhaniyi ndiinene ndekha, chifukwa ikamafotokozedwa ndi a Mwanza kutchalitchi kwathu imachuluka mchere, ndipo mtunda umene ndinawakoka m'matope umatalika Lamlungu lililonse.

Mwana wanga Limbani atalowa yunivesite konkuno, ine ndinkadziwa kuti ndatumiza munthu kukaphunzira zauinjiniya. Posakhalitsa anatulukira kunyumba ku Evington ndi chipewa chonga cha panjinga yamoto, mapewa atafufuma ngati walumidwa ndi njuchi. Akuti walowa timu ya mpira wa ku America, uja wooneka ngati papaya, umene anyamata amagundana dala oyimbira n'kumangoyang'ana. Ine ndine nesi, ndipo ndimagwira kuwodi ya mafupa. Ndimadziwa mmene bondo limaonekera likaloza kumene Mulungu sanalilozetse. Ndinamuuza kuti phazi langa silidzaponda kumeneko, ndipo mawuwo ndinawasunga zaka zonse za maphunziro ake. (Zovala zake zamatope zokha ndiye ndinkachapa, uku ndikunyinyirika.)

Koma mbiri yake inkandipeza ndithu. Malo ake amawatchula kuti konabaki. Ntchito yake n'kumata ngati nkhupakupa pa mnyamata waliwiro wa timu inayo kuti mpira ukaponyedwa asauwakhe, ndipo mpata ukapezeka auwakhe iyeyo. Ntchito yachiwiri ndi imene inkandisowetsa mtendere. Timu inayo ikakanika kupita patsogolo imaumenya mpira m'mwamba kutali, ndiye Limbani amaima yekhayekha kumbuyo, maso kumwamba, kuudikira, kwinaku zimphona zonse zikuthamangira pa iyeyo. Akauwakha, athamange nawo kubwerera. Ana a anzanga ankati ku Midlands konse kuno kulibe womuposa. Ine ndinkangofunsa ngati mano akadali onse m'kamwa.

Chaka chake chomaliza, timu yawo inafika pa masewero oti wopambana akwera ligi yapamwamba. Analinso masewero ake otsiriza. Anandipeza kukhitchini nditangofika kuchokera ku shifiti. Limbani Chichewa amamva chonse, koma kuyankha ndi Chingerezi basi, monga achitira ana obadwira kuno.

"Mum, just once," anatero.

Anapitiriza m'Chingerezi chakecho kuti anzake onse makolo awo anawaonapo akugoletsa, iye yekha ayi. Sankapempha zambiri. Ankangofuna kuti ndimuone kamodzi kokha akudutsa mzere wa chigoli mpira uli m'manja.

"Ukathyoka ndikakugoneka pabedi loyandikira chimbudzi," ndinamuyankha choncho. Koma mumtima munandipweteka, ndipo tsiku lomwelo ndinasinthana shifiti ndi mnzanga.

Linali Lamlungu lamvula yowaza, kukuzizira kolowa m'mafupa. Bambo ake Limbani anali pantchito, ndiye amene ananditenga anali a Mwanza, mnzawo wa ku Chipata amene amagwira kunyumba yosamalira okalamba ku Braunstone. Tinachokera kutchalitchi n'kulunjika kubwalo, iwo ali mu suti yawo yotuwa, ine ndili mu diresi, jekete lalikulu, chitenje m'chiuno ndi nsapato za gogoda. (Zisungeni nsapatozo, tizipezanso.)

Tisanakhazikike n'komwe kunabwera mzungu wachikulire wovala malaya amizeremizere ngati mbidzi, mmodzi wa oyimbira. Akuti akusowa anthu awiri ogwira tcheni, ndipo pa mpira wa ana asukulu amangotola mwa oonerera. A Mwanza anaimika dzanja m'malo mwa tonse awiri.

"Tiyeni amake Limbani," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Manje tizankala pafupi, tizaona vonse."

Tchenicho ndi chotalika mayadi khumi, ndipo mbali zonse ziwiri kuli chitsulo chotalika kuposa munthu. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti idutse mtunda umenewo, ikalephera mpira ndi wa anzawo. Ife ntchito yathu inali kuima m'mbali mwa mzere, aliyense ndi chitsulo chake, tcheni chitakungika pakati pathu. Mkulu uja anandiyang'ana m'maso n'kunena zinthu ziwiri: ndisasunthe mpaka iye atandiuza, ndipo ndikumbukire kuti wogwira tcheni sachemerera timu iliyonse.

"No problem," ndinatero modzidalira. Ine munthu wotembenuza odwala olemera ngati matumba a chimanga, ndingakanike kugwira chitsulo?

Chimene mkuluyo sanadziwe n'chakuti ine ndinakulira ku Ntcheu. Kwathu wosewera akamathamanga ndi mpira, ochemerera timathamanga naye limodzi m'mbali mwa bwalo, nthungululu zili pakamwa. Chigoli chikalowa, bwalo lonse limadzaza anthu, amayi n'kuyala zitenje pansi kuti wogoletsa apondepo. Zimenezi palibe amatiphunzitsa, timabadwa nazo. Kuonjezera apo, ogwira tcheni amaima kumbali ya alendo, ndiye ndinapezeka pakati pa anyamata a ku Derby amene anabwera kudzathyola mwana wanga.

Vuto loyamba linali laling'ono. Anyamata a ku Derby anaumenya mpira m'mwamba, Limbani ali yekha kumbuyo kuja. Ndinangoona waimika dzanja n'kumaligwedeza pamwamba pa mutu. Mtima wanga unasungunuka. Pakati pa zoopsa zonsezi, mwana akukumbuka kubayibitsa mayi ake! Ndinanyamula chitsulo n'kuchigwedeza nanenso.

"Ndakuona, bambo! Ndili pano!"

Mnyamata wina wa ku Derby anandifotokozera mwaulemu kuti chizindikirocho n'chouza adani kuti auwakha mpira koma sathamanga nawo, ndiye asamugunde. Woyimbira uja anabweza chitsulo changa pamalo pake ndi phazi.

Vuto lachiwiri linabwera chimnyamata china chitamugwetsa Limbani mpaka chipewa kulira. Ndinali nditaponya kale phazi m'bwalo kuti ndikamuone khosi pamene a Mwanza anandibweza ndi tcheni ngati mbuzi.

"Imililani, imwe! Si ku wodi kuno."

Limbani anadzuka akuseka. Ndipo ndinene zoona, kuyambira pamenepo ndinayamba kuona chimene anthu ankanena chija. Mnyamata wawo waliwiro uja sanapume. Akakhotera uku Limbani ali pomwepo, akabwerera uku ali pomwepo, mpira ukamati ufike m'manja mwake dzanja la mwana wanga laukankha kale. Ndinayamba kuwauza a ku Derby aja kuti ameneyo ndinamubereka ndine, ndipo anayamba kuyenda asanakwanitse chaka. Za kusachemerera zija ndinali nditaiwala.

Chakumapeto, alendowo anali patsogolo ndi mapointi ochepa, oti chigoli chimodzi chikanatembenuza zinthu. Mpira unali wawo. Anauponya m'mbali, chakumene ndinaima ine. Ndinangoona Limbani wadumpha patsogolo pa mnyamata uja, wauwakha, waliyatsa liwiro la mtondo wadooka kulowera kuchigoli, kutsogolo kwake kulibe munthu. Anadutsa pafupi nane moti matope a nsapato zake anandithovukira kumaso.

Abale, zimene zinachitika pamenepo miyendo yanga sinandifunse. Gogoda ndinamusiya m'matope momwemo. Ndinauyamba ndi masokosi okhaokha, nthungululu ili pakamwa, chitsulo chili m'manja ngati mkondo. Kumbuyo ndinamva kulemera, koma ndinkayesa ndi mphepo. Sinali mphepo. Anali a Mwanza, amene chifukwa cha kuzizira anali atakolowekera mkono pachitsulo chawo, manja ali m'matumba.

"Amake Limbani! Muzanipaya! Lekani!"

Ndinali nditakhotera m'bwalo osadziwa, ndiye tcheni chinapingasa njira, chitakwera kufika m'miyendo. Woyimbira wachikulire uja ankabwera akuthamanga motsata mzere, wezulo ali pakamwa. Anakodwa. Anagwa chafufumimba, khu, ndipo mpweya wonse umene unali m'mimba mwake unatulukira mu wezulo. Analira wezulo ameneyo mpaka magalimoto a kumsewu anamumva.

Limbani anafika kuchigoli, anzake akumukwera pamsana. Nanenso ndinafika, ndikuvina. Nditatembenuka ndi pamene ndinaona kuti kubwalo konse kuli zii. Oyimbira anasonkhana, kenako wamkulu wawo analengeza kuti lamulo ndi lamulo: wezulo akalira, kaya walira mwangozi, mpira wafera pomwepo. Chigoli palibe. Mpira ubwerere pakati pa bwalo pamene Limbani anali wezulo akulira.

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma tsiku limenelo zodya mayi zinapota mwana. Limbani anavula chipewa n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangondiyang'ana, n'kuvalanso chipewa chake, n'kubwerera. Chinthu chimodzi chokha chimene mwanayu anandipempha, ndinachiphwanya ndi manja anga. Manyazi anandigwira, koma chisoni ndi chimene chinaposa.

Chitsulo anandilanda n'kupatsa mtsikana wina wasukulu. Anandiperekeza kuseri kwa chingwe kumene kumaima anthu wamba, a Mwanza akutsimphina pambuyo panga, suti yotuwa ija itasanduka yofiirira mbali imodzi. Timu ya Limbani inayesa mipata yake inayi, osaphula kanthu. Mpira unabwerera kwa alendo, nthawi itatsala yochepa zedi. Ine ndinali nditasiya kuyang'ana, ndikungopemphera chamumtima kuti Ambuye, ngati pali chilango chigwere ine.

Koma anyamata athu anakana. Anawatsekera njira a ku Derby aja katatu konse, mpaka pa mpata wachinayi anasowa chochita koma kumenya mpira m'mwamba. Limbani anabwerera chakumbuyo, yekhayekha. A Mwanza anandigwira lamba wa jekete n'kumukulunga padzanja.

"Manje mukayenda, tizayenda tonse futi," anatero. "Koma nipempha, nili na bana."

Mpira unakwera mpaka kuoneka ngati kambalame. Zimphona zija zinali zitayandikira moti aliyense ankakuwa kuti aimike dzanja asagundidwe. Sanaimike. Anauwakha, woyamba anamuzemba n'kumusiya akukumbatira mphepo. Wachiwiri anamugwira malaya, iye anazungulira n'kupulumuka. Analowa pakati pa awiri amene anagundana okhaokha, kenako anakhotera kumbali yathu, ndipo ndinamva kupuma kwake akudutsa. Miyendo yanga inkafuna kunyamuka. Ndinakumbatira mtengo wa chingwe ndi manja onse awiri, zala za kuphazi zitakumba m'matope. Wotsiriza anadziponya n'kumukhudza chidendene. Limbani anadzandira, anagwira pansi ndi dzanja limodzi, anadzuka, n'kudutsa mzere.

Bwalo linaphulika. Ine ndinali chiimire.

"A Mwanza, wezulo walira?"

"Walila!"

"Walira wabwinobwino? Palibe wagwa?"

"Palibe! Tawina, imwe! Yendani!"

Anandimasula. Ndinathamanga ndi masokosi anga omwewo, ndinamasula chitenje n'kuchiyala m'matope patsogolo pake. Anzake anadabwa, koma Limbani anadziwa, chifukwa anaonapo zimenezi pa ukwati wa azakhali ake. Anavula chipewa, anaponda pachitenjepo ndi nsapato zake zamisomali, n'kugwada. Ndiyeno mwana amene sanandiyankhepo m'Chichewa chiyambire sukulu ya mkaka anatsegula pakamwa.

"Amayi, mwaona?"

"Ndaona, mwana wanga," ndinatero misozi ili chuchuchu. "Ndaona kawiri konse."

Anaseka mpaka kugona pachitenjepo. Anzake ataona choncho anayamba kudutsapo mmodzimmodzi, timu yonse, mpaka kochi yemwe. Chitenje changa cha chigwirizano cha amayi chinathera pomwepo, ndipo sindinadandaule. Woyimbira uja ndinakamupepesa, bondo lake ndinaliyeza ndekha, linali bwinobwino. Anandiuza kuti pa zaka zonse zimene wakhala akuyimbira mpira sanaonepo wogwira tcheni waliwiro ngati ine, koma anandipempha kuti ndisadzabwerenso.

Ndinaphunzirapo kuti kuthamanga si kufika, ndiponso kuti mwana akamathamanga ulendo wake, mayi azigwira mtengo n'kudikira wezulo. Phunziro limeneli ndalifotokoza kale kwa amayi anzanga kutchalitchi, ndipo ena analira.

Mwezi wamawa Limbani akulandira digiri yake. Wandiuza kuti wandisungira mpando wapakati penipeni pa mzere, bambo ake mbali iyi, a Mwanza mbali inayo, ndipo akuti kumeneko anthu amangowomba m'manja ali chikhalire. Ndavomera zonse. Koma chitenje chatsopano ndagula kale, ndipo nsapato zimene ndasankha ndi zafulati.