Kamchira ka Katemera

Anthu onse a kumalayini kwathu, kunyumba za antchito a paesiteti, ali ndi chipsera chimodzi cha katemera. Ine ndili nazo ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Ndikuuzani mmene chachiwiricho chinabwerera, koma amene akudikira kuti ndipepese akhale kaye pansi, atopa.

Inali holide, nditangofika kuchokera kusekondale, Chingerezi chili tho m'masaya. Nthomba inali itamveka kale ku Thekerani. A mishoni anapereka lole ndi anamwino, ndipo bwana wa esiteti yathu ya tiyi anathiramo petulo monyinyirika kuti katemera afike kumalayini. Bwanayo anawauziratu malume anga, amene ndi kapitawo wa othyola tiyi, kuti anthu akapanda kubwera, lole ipitirira ku Mphuka, iye sathiranso petulo, ndipo ukapitawo wa malume uthera pomwepo.

Tsoka lake malume mawu anali atasasa, ndiye anatuma ine.

"Mphwanga, iwe wa sukulu, kalengeze kuti mawa kubwera galimoto yodzatemera anthu. Unene bwinobwino, wamva?"

Ndinanenadi bwinobwino. Ndinangomeza kamchira kokha. Nditamenya chitsulo chija choitanira anthu kuntchito, ndinafuula: "Mverani! Mawa kubwera galimoto yodzatema anthu! Ayambira ana!"

(Kutemera, kutema. Tayesani kutchula mothamanga. Bwalo lililonse lingandimasule.)

Ine ndimati azimayi akuwa pang'ono, ndiseke, kenaka ndikonze. Koma masiku ano a chitaganya galimoto iliyonse yachilendo anthu amaiyang'ana cham'mbali. Palibe anakuwa. Anangolowa m'nyumba. Ndinabwerera kwa malume, kumene ndimagona, ndili wokhumudwa kuti nthabwala yanga sinakome.

M'mawa malume anandidzutsa ndi phazi. Malayini onse pululu! Ndi nkhuku zomwe anazitenga. Anatsala mlonda wachikulire yekha, wopweteka mwendo, atakhala pakhomo ndi nkhwangwa, ndipo ndiye anawafotokozera malume mawu anga onse. Ena onse, ndi amayi anga omwe atabereka kamlongo kanga Esinati, anali atalowa m'munda wa tiyi. Amene simunauone munda wa tiyi, munthu akanjuta mmenemo watha, simumuonanso. Phiri lonse lobiriwira lili phee, mkati muli mtundu wathunthu wa anthu.

Lole inafika. Woyamba kutsika anali azakhali anga, namwino wa kumishoni, Msabata weniweni amene samwa tiyi ngakhale anabadwira pakati pa tiyi.

"Alamu, anthu ali kuti?"

"Funsani wophunzira wanuyu," anatero malume ndi timawu tawo tosasa, thukuta lili kamukamu.

Dalaivala anali atayamba kale kuyang'ana msewu wa ku Mphuka. Ndinakumbukira nkhope za opulumuka nthomba, zija zotsala maenjemaenje, n'kuganiza kankhope kosalala ka Esinati. Ndinathamangira kumunda.

"Kutemera! Ndimati kutemeRA!"

Kenaka mawu a bambo wina kuchokera mkatikati: "Akulonjeza chiyani azunguwo, mwana iwe, kuti utigulitse?"

Azakhali sanataye nthawi. "Kwera palole. Vula malaya. Aone ndi maso awo."

Ndinakwera monyadira, mkono m'mwamba ngati wandale pamsonkhano. Mitu inayamba kutuluka m'tiyi ngati bowa. Azakhali anandipukuta paphewa, n'kutulutsa kasingano, kakang'ono ngati munga. Ndinakayang'ana. (Musamakayang'ane, abale.) Ndinamva kukanda kamodzi, phiri linatembenuka, ine kuchokera palole mpaka m'fumbi, khu!

Akuti kukuwa kwake kunamveka mpaka kufakitale. "Amutema! Mwana wa eni amutema!" Mitu yonse inamiranso m'tiyi.

Kupatula umodzi. Amayi anatulukira ndi chimpeni chodulira tiyi, Esinati akudumphadumpha kumsana, akulalata m'Chilomwe mawu amene sindinkadziwa kuti amawadziwa. Dalaivala anadzitsekera m'lole. Ine ndinatsitsimuka malume akundikhuthulira ndowa ya madzi, amayi akunditembenuza uku ndi uku kufuna bala.

"Mwamutema pati, mlamu? Ndikuti mwamutema pati?"

Azakhali analoza ndi chala.

Amayi anapenyetsetsa. Anapenyetsetsanso. "Kameneka? Mphini zimene ndinam'temera ali khanda zinali zazikulu kuposa apa, ndipo sanakomoke!" Chimpeni chinagwa m'manja, iwo n'kukhala pansi ndi phwete. Atapukuta misozi anamasula Esinati n'kumupereka kwa azakhali. Mwanayo sanalire n'komwe, anangopitiriza kuyamwa chala, akundiyang'ana ine.

Kenaka amayi anatembenukira kumunda, mayi wanga wondibereka, n'kufuula: "Tulukani mudzaone wa sekondale wakomoka ndi kamunga!"

Chitsulo chija sichinasonkhanitsepo anthu chotero. Anatuluka onse, ndi nkhuku zawo m'khwapa, kudzandiona ndili chinyowere m'matope. Malume, pokhala kapitawo, anangowaimika pamzere wodutsa pamene ndinali ine n'kukathera kwa azakhali. Aliyense amayamba waseka, kenaka n'kupereka mkono. Mlonda uja anabwereza mzere, akuti sanandione bwino.

Dzuwa litapendeka, azakhali akulongedza, anandikodola.

"Ndowa ija yakokolola mankhwala. Bwera nawo mkono winawo."

"Azakhali, koma ndatemeredwa kale!"

"Uja unali wotema. Uwu ndi wa kamchira unameza kaja. Khala pansi, sitikufuna kukutolanso."

Malume akadali kapitawo, Esinati ali ndi kachipsera kake kamodzi, ndipo bwana akuti wathiranso petulo. Wondithokoza sindinamuone. M'malo mwake ana a kumalayini akandiona amagwira paphewa n'kudzigwetsa m'fumbi. Chimene ndaphunzirapo n'chakuti katemera umalandira uli chikhalire, maso kumwamba.

Mwezi wamawa kubwera galimoto ina yodzapima anthu m'chifuwa. Malume alumbira kuti alengeza okha, mawu asase asasase. Zachisoni ndithu, chifukwa pakati pa kupima ndi kupuma pali kachilembo kamodzi kokha, ndipo anthu athu othyola tiyiwa atopa.