Pulazima Yachita Khungu, Apongozi Achapa Duku

Lolemba

Pulazima, TV yathu yopyapyala ija, yachita khungu! Mawu akumveka bwinobwino, kagetsi kofiira kakuyaka, koma galasi lili bii. Kwaya ikuimba mumdima.

Ndipo yasankha sabata yoipa. Loweruka aZuze, msuweni wa amake Rozi, akubwera ndi chimbale cha vidiyo ya ukwati wa ku Mozambiki. Chimbalecho n'chimodzi, chikuzungulira mabanja onse a kumeneko amene anatsala kuno nkhondo itatha. Ife tikhala nacho Loweruka ndi Lamulungu basi, kenako chipita ku Sasare, ndipo zopita ku Sasare sizibwera msanga. M'chimbalemo akuti muli aTereza, mng'ono wawo wa apongozi anga. Anasiyana pothawa nkhondo, wina kuno, wina kwina, amake Rozi ali kamtsikana. Mpaka lero sanaonanenso.

Apongozi achapa kale duku la kutchalitchi. Ati sangaonekere kwa mng'ono wawo ali mbuu.

Ine sindikuda nkhawa. Ndine amene ndinkadzutsa mawailesi akufa kuno ku Ndake. TV yathu yakale ija ya linunda inkandidziwa: khofi limodzi m'mbali, chithunzi n'kubwera chothamanga.

Zimene ndayesa:
batire la sola, ladzaza
mawaya a kumbuyo, ndazula, ndauzira, ndabwezera
mabatire a limoti, ndawaluma, ndawayanika padenga
khofi, ndamenya, koma yopyapyalayi ilibe pomenya. Yangodzandira pathebulo, ine mtima phaa.

Amake Rozi ali pakhomo: "Ni ya mwana iyo, atate a Rozi. Anagula na thukuta lake ku Lusaka. Osaimenya monga mbuzi."

Apongozi salankhula nane, ndi mwambo. Chikwatirireni mwana wawo, tikakumana panjira ine ndimapatukira m'tchire, iwo amayang'ana kumbali. Mawu awo amadzera mwa amake Rozi ngakhale ndili pomwepo. Lero atumiza awa: "Muwauze kuti nawakhulupilila."

Akanangonditukwana bwenzi zili bwino.

Pulazimayo apongozi aiphimba ndi nsalu yawo yoluka okha, yoyera, ya maluwa m'mphepete. Anailukira pulazima yomweyi itangofika. Masiku onse imakhala kumsana kwake, ikuyaka kapena ayi, kuti fumbi lisalowe m'timabowo ta pamwamba.

Lachiwiri

Ndikuitsegula. Sikuludalaiva yanga ndi ya njinga, sikulowa. Mpeni wa amake Rozi wosendera mbatata ndiye ukulowa. Nsonga yake yapindika, ndaubisa pansi pa matiresi.

Chivundikiro chachoka. Mphemvu! Mudzi wathunthu, ana, makolo, ndi alendo omwe.

Mkati mulibe chimene ndikuchidziwa. Wailesi yakale ukaitsegula umaona matumbo, umanunkhiza popserera, umadziwa pogwira. Umu muli timabolodi tobiriwira ndi timawaya tophwatalala, zonse zaukhondo, zonse zondiyang'ana mwachipongwe. Fyuzi ndaipeza. Ili bwino. Zandiwawa kwambiri, chifukwa fyuzi yokhayo ndiyo ndimaidziwa.

ADaka, a khomo loyandikana nafe, asuzumira pawindo. Sanakhalepo ndi TV chibadwire, koma maganizo ali nawo.

"Ni mphemvu zadya chithunzi izo. Popelani mankhwala ya thonje yamene yanatsala, pang'ono chabe. Mbozi zimafa, manje mphemvu ni ndani?"

Ndapopera. Pang'ono chabe monga anenera, kenako pang'ono penanso kuti ndikhale wotsimikiza.

Zotsatira:
mphemvu zasamukira m'kabati ya mbale
nyumba yonse ikununkha munda
maso akundiyabwa
amake Rozi atulutsa mbale, ufa ndi ine
chithunzi palibe.

Lachitatu

Yanyowa m'kati, ndiye iyenera kuuma ndisanaiyatse. Pamenepo ndiye nzeru ndili nazo. Ndaigoneka pamphasa yoyanikira mphale, pabwalo, padzuwa. Ine ndakhala pansi pa mango ndi ndodo, kulondera.

Anthu akudutsa, akupereka moni, akuima. Wina wavula chipewa, ati amaona ngati pali zovuta.

Tulo ndi tachabe. Ndangotsinzina pang'ono. Podzidzimuka, mbuzi ya apongozi yaimirira pamphasa, kawaya kofiira kakulendewera pakamwa. Ikutafuna mosafulumira, ikundiyang'ana m'maso. Ndi mawaya a masipika, pamodzi ndi kapulagi kake koyera. Ndaithamangitsa mpaka kuseri kwa nkhokwe, yameza ili paliwiro.

Nkhuku nayo yapondapo, yasiyapo zake.

Madzulo ndalumikiza. Kagetsi kofiira kayaka, ndayamika Mulungu. Chithunzi palibe. Mawu palibe. Lolemba inali yakhungu chabe, lero ndaiwonjezera kusalankhula.

Apongozi atumiza mbale ya nshawa zokazinga. Amake Rozi aiika patsogolo panga: "Ati musazivute maningi, mudye. Ati zinthu za masiku ano zimafuna munthu wa mutu monga imwe."

Nshawa ndaziika pambali. Ndili ndi manyazi, ndipo ndili ndi mantha. Mayi ameneyu sanandipemphepo kanthu zaka zonsezi, ngakhale mchere.

Lachinayi

Ndikubwezera chivundikiro. Timasikuluwu ndinatiika m'kapu, koma kapu wina wamwera tiyi. Tina tili pansi, tina sindikudziwa.

Masana, m'nyumba muli kamdima chifukwa ndatseka chitseko kuti aDaka asandione. Pulazima ndaisiya yoyaka, chimbale cha kwaya chikuzungulira m'deki. Ndikukwawa pansi pa thebulo ndi tochi, kusaka kasikuluwu. Podzuka, tochi yawalira pagalasi.

Nkhope!

Mzimayi wa duku, kukamwa yasa, popanda mawu, akundiyang'ana kuchokera mumdima. Ndakuwa. Ndagunda mutu pathebulo. Ndathawira panja tochi ili m'manja.

Amake Rozi: "N'chani, njoka?"

Ndati palibe kanthu, ndikungowongola miyendo. Ndabwereramo mwaulemu, ndawalitsanso. Ndi amayi a kwaya aja, akuimba ndithu, akuvina pang'onopang'ono. Pamene pagunda tochi pakuoneka kabwalo kakang'ono ka chithunzi, kotuwa, kokula ngati pansi pa kapu. Ukasuntha tochi, kabwalo kakusuntha. Koma uyenera kuyandikira mpaka mphuno kugunda galasi.

Ndiye kuti chithunzi sichinadyedwe. Chilimo! Chafa ndi nyale ya m'kati basi, imene imawalitsa kumbuyo kwa galasi. Mphemvu ndazinamizira. Mankhwala aja anali achabe, dzuwa lija lachabe, masipika afera zachabe.

Komabe ndasangalala. Nyale ndi babu, babu amagula. Mawa ku Nyimba!

ADaka, kuseri kwa chitseko: "Ine ninakamba kudala kuti ni vamukati."

Lachisanu

Ndaikulunga m'bulangete, pamwamba zitenje ziwiri za pa kampeni, china cha chipani ichi, china cha chinzake. Zonse tinalandira, pakhomo pano nsalu sitikana. Njinga mpaka pamsewu waukulu, kenako kumbuyo kwa lole, pakati pa matumba a chimanga.

M'lolemo mkangano wabuka. Wina akufunsa chifukwa chake nkhope ya mtsogoleri wake ili pansi, ya mnzake pamwamba. Ndatembenuza. Wina wa mbali inayo wayamba. Ulendo wonse ndakhala ndikutembenuza zitenje, pulazima ili pamiyendo.

Mmisiri wa ma TV ali pafupi ndi msika, m'kachipinda kodzaza mapulazima a eni ake, onse akhungu, otsamirana kukhoma. Ndalimbako mtima poona kuti si ine ndekha.

Wanunkhiza, wabwerera m'mbuyo. "Mwaipopela chani iyi, mudala?"

Ndayang'ana padenga.

Wawalitsa tochi yake pagalasi, monga ndinachitira ine, wagwedeza mutu. Ati si babu limodzi, ndi timagetsi tambiri pa timizere, ndipo tapsa. Ati kuno kulibe, achite kuitanitsa ku Lusaka. "Mwina sabata ya mawa, mwina inzake." Za masipika ati kapulagi kali kuti? Ndati kali m'mbuzi.

Kenako waloza timabowo ta pamwamba tija. "Iyi imapumila apa. Ngati mumaifunditsa nsalu pamene iyaka, imapsa na kutentha kwake yeka. Mumaifunditsa?"

Ndaona nsalu yoyera ya maluwa m'mphepete. Ndaona zala za apongozi, zopindika ndi nyamakazi, zikuluka pakhonde mwezi wathunthu.

Ndati ayi, sitiifunditsa.

Ndabwerera nayo. Amake Rozi afunsa chimene chinaipha. Ndati mphemvu. Mphemvu zindikhululukire, sizipita kutchalitchi, sizidzamva.

Loweruka

AZuze afika, fumbi lokhalokha, chimbale chili m'thumba la shuga, thumbalo m'sokosi. Ati chichoka Lolemba m'mawa, a ku Sasare ayamba kale kudandaula. Apongozi achilandira ndi manja awiri, achigwira pachifuwa, achitembenuza, akuyang'ana kowala kuja ngati aonamo munthu.

Nzeru yotsiriza: ngati nyale ya m'kati yafa, ndiikemo yanga. Babu la sola la kukhitchini, kumbuyo kwa galasi. Koma kumbuyoko kuli chitsulo chotchinga. Ndatenga mpeni uja pansi pa matiresi, ndalowetsa pangodya, ndakankha pang'ono.

Tswa!

Kamawu kakang'ono kwambiri. Ndawalitsa tochi. Pangodya ya pamwamba pafalikira chibanga chakuda, chokula ngati chikhatho. Pamenepo chithunzi sichidzabweranso. Ndaika mpeni pansi. Ndatseka zonse. Timasikuluwu tatsala m'kapu, sindikudziwa kwawo.

Ndameza ulemu wanga, ndapita kubala ya pamsewu. Ndiko kuli TV ina yokhayo kuno, ndiye ndapempha kuibwereka. Mwini wake wandimvetsa, koma ati lero ndi mawa kuli mpira, akaichotsa pakhoma anthu amugwetsera bala. Ati apongozi adzaonere komweko mawa m'mawa: "Abwele kuno amai, mailo kuseni, bakalibe kubwela bakumwa."

Uthenga wapita, yankho labwera kudzera mwa amake Rozi: "Ati mbale wawo sangakumane naye pa malo ya mowa. Ati anasiyana pa chitseko ca chalichi, pamene anthu anayamba kuthawa."

Sindinadziwe zimenezo. Ndakhala pachitsa mpaka dzuwa kulowa. ADaka abwera, akhala pambali panga.

Lamulungu

Ndagonja. Pobwera kutchalitchi ndauza amake Rozi kuti akanene zoona: mkamwini walephera, pulazima waiononga, chimbale chipite.

Apita, abwera. Kumbuyo kwawo apongozi, duku lochapa lija kumutu, chitenje chatsopano, nsapato za pa Khirisimasi. Za mzukwa wanga wa Lachinayi ndi tochi ija ndinaulula kwa amake Rozi, iwo anawauza kale apongozi, ndipo ati anaseka mpaka kutsokomola.

"Ati mutseke mawindo, mutenge tochi."

Matumba a thonje m'mawindo, chiguduli pansi pa chitseko, masana asanduka mdima. Chimbale chalowa. Apongozi akhala pampando patsogolo pa galasi. Ine ndaima patali monga mwa ulemu, dzanja ndatambasula mpaka mapeto, nkhope ndalozetsa kukhoma.

Munthu wowalitsa akuyang'ana kukhoma amawalitsa zachabe. Amake Rozi akuwerenga zimene zikuoneka: nsapato, khutu la mkwati, mwendo wa thebulo, denga, nsapato ina.

Apongozi: "Muwauze akweze." Ndakweza. "Muwauze atsitse." Ndatsitsa. "Muwauze ayende ku manja ya kudyela." Uthenga ukamafika kwa ine, nkhope imene amafuna kuiona yadutsa kale. Tabwezera chimbale poyamba. Chimodzimodzi.

Kenako dzanja landigwira pamkono. Louma, lolimba, lofunda. Si la amake Rozi.

Landikoka. Ndagwada pambali pa mpando, phewa langa lagunda lawo. Akuyendetsa okha tochi ndi dzanja langa, pang'onopang'ono, nkhope ndi nkhope, pa mzere wa amayi okhala pamphasa. Mphuno zathu zonse zili pagalasi. Sindikudziwa poika maso, ndiye ndangoyang'ana kumene akuyang'ana iwo.

Dzanja laima.

"Imika!" apongozi auza mwana wawo. Amake Rozi adina limoti, ndipo mabatire olumidwa aja agwira ntchito.

M'kabwalo kotuwa muli nkhalamba yowonda, ya mpata m'mano, ikuseka kanthu kena kamene ife sitikukaona. Chibanga changa chakuda chaiphonya pang'ono pokha.

Kenako apongozi alankhula, osadzera mwa munthu.

"Mwana wanga, gwilani apa. Osagwedeza."

Sindinagwedeze. Akonza duku ndi dzanja linalo. Apereka moni m'chilankhulo cha kwawo, chimene sindinawamvepo akulankhula, ndipo alankhula nthawi yaitali, akumaima pang'ono ngati akumvera yankho. Amake Rozi akulira kumbuyo kwathu. Apongozi apukuta galasi ndi chala pa tsaya la mng'ono wawo.

"Wakalamba, Teleza. Watenga nkhope ya amai athu."

Mkono wachita dzanzi mpaka m'khosi. Tochi yayamba kufiira. Ndatulutsa mabatire mumdima, ndawaluma, ndabwezera, iwo andigwiranso pamkono pomwe paja. Takhala choncho mpaka yazimiratu.

Ndiye sabata yatha motere:
chithunzi palibe
mawu ali m'mbuzi
ngodya imodzi yafa
mpeni wapezeka, mlandu ulipo
Rozi sindinamuuze.

Potuluka apongozi atenga nsalu yawo yoluka pampando, aikung'untha, ayamba kufunditsa pulazima, pa timabowo pomwe paja. Ndatsegula pakamwa, ndatsekanso. Mbali imodzi yawavuta kufikira.

Ndagwira mbali inayo, tawongola.