Chithunzi cha Alamu Chimene Chinakana Kutseguka

Sekani, ine ndinatopa kale ndi kusekedwa. Iwe Faniwelo, unali kuti chaka chija intaneti itangofika kumene m'tauni, ine ndikusesa mu ofesi ya makompyuta? Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, sindikana, koma zithunzi zikamatseguka pa kompyuta masiku ano muzidziwa kuti ndi ntchito yanga.

Achimwene anga a ku Joni anapeza mkazi konko. Amalume a ku Manje, oti ndiwo ankhoswe, anati sangavomereze munthu wosamuona nkhope, ndipo mwezi ukatha asanamuone, achimwene abwere adzakwatire mwana wa a eledala a kutchalitchi kwathu. Achimwene anatumiza chithunzi pa intaneti. Titsegule, pangotuluka kabokosi kong'ambika. Abwana anati chithunzicho n'chamtundu watsopano, burawuza, pulogalamu yoonera za pa intaneti ija, siikuudziwa, ndipo azungu opanga burawuzayo akadakangana ngati auloleze kapena ayi.

Mukumva? Banja la achimwene lili m'manja mwa anthu oti sanapondeko n'ku Zingwangwa komwe.

Ndinaika tsache pansi n'kuwaimbira foni. Ndinawapeza pa miting'i, wina akuti tikauloleza burawuza inenepa, wina akuti palibe akuugwiritsa ntchito, winanso akuti wakale uja walakwa chiyani. Ine ndinati, “Mabwana, katundu sitiweruza ndi pakamwa, timayeza pa sikelo.”

Ndinanyamula mitundu yonse iwiri ya zithunzi m'jumbo mpaka kumsika, kwa mayi wogulitsa nyemba, wakale uja nditangouika sikelo inathyoka muvi, watsopanowu unkachita kuuluka moti tinaupsinja ndi mwala, ndiye ndinauponya wakalewo pa waya wa foni, waya unalendewera ku Chirimba mpaka maminibasi ankadutsa chowerama, makondakitala akuyanikapo matawulo, pamene watsopanowu unadutsa mbalame zili pa waya osadzidzimuka n'komwe. Nanga nkhope? Wakale uja munthu wakuda ankatuluka mawangamawanga ngati mandasi opserera mbali imodzi, watsopanowu unaonetsa ndi thukuta lapamphuno lomwe. Ndikunama ine? Kafunseni mayi wa nyemba uja, mpaka lero sandilankhula.

Nditawauza zonsezi azungu aja anaomba m'manja mpaka foni inatentha, ndinachita kuigwira ndi chikolopa chonyowa. Anati, “Bwana Gift, tavomera. Tiuika mu burawuza ya chaka chamawa.”

Chaka chamawa. Mwezi wa amalume uja unali utatsala ndi masiku atatu.

Basi, ndikuuzani, poti ndatopa. Pakhoma la ofesi panali kalendala ya kugolosale, pali mtsikana wamtali akumwetulira, atanyamula botolo la mafuta ophikira. Ndinamudula ndi lezala, n'kuyenda wapansi mpaka ku Manje. Amalume anavala magalasi, kumuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti uyu ndi waulemu, ndipo akuoneka kuti kuphika amadziwa. Anavomera.

Alamu enieni anafika pa Khirisimasi, aafupi, onenepa bwino, amtima wabwino zedi, ndipo chinkhoswe chinachitika. Burawuza nayo inadzayamba kutsegula zithunzi zija, monga ndinalamulira ine.

Kungoti mpaka lero, tikakumana pamaliro kapena paukwati, amalume amandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, “Iwe Gift, nanga woyamba uja, wa botolo la mafuta uja, anawalakwira chiyani achimwene ako?”