Zitseko za Pikapu ya Malume

Lolemba

Digiri ikadali m'sutikesi, pansi pa zofunda. Ndatopa nako kudikira. Sabata ino ndikulowa bizinesi ya mtengatenga, basi.

Galimoto ilipo: pikapu ya malume, yondiposa zaka. Imagona kwathu chifukwa pakhomo pathu pali mtsetse, ndipo sitata yake inafa kalekale. Malume amabwera panjinga m'mawa, amaikankha atayedzamira chitseko, ikayamba kuthamanga amajowera mkati n'kuiliza. Zitseko zonse ziwiri zinagwa mapewa. Sizitsekeka, amachita kumanga ndi linya.

A Mwaliwa, ogula nandolo pa Chiringa, akufuna galimoto yowatutira matumba nyengo yonseyi. Akuti tifike Loweruka m'mawa. "Koma zitseko zizitsekeka, mwana wanga. Nandolo wanga sakwera galimoto yomangidwa ngati mbuzi."

Zofunika:
sipanala
mahinjesi atsopano
kusintha kaganizidwe ka malume

Lachiwiri

Ndaonera vidiyo pafoni. Mzungu wake akumaliza ntchito yonse tiyi asanazizire. Bandulo yandithera pomwe amayamba kubwezeretsa chitseko, koma zotsalazo munthu wophunzira angathe kuziganiza yekha.

Ndazula zitseko zonse ziwiri. Mabawuti ena si mabawuti, ndi misomali yopinda. Malume aima chapatali, manja kumbuyo. "Zitsekozi sizinadandaulepo kwa munthu, mphwanga."

Anthu a kuno kuopa kusintha!

Lachitatu

Chitseko cha dalaivala pa kabaza, ine pa kabaza wina, ulendo wa kwa wowotcherera zitsulo pa Chiringa. Mphepo ikumenya chitseko, njinga ikuyenda chammbali ngati nkhanu.

Magetsi kulibe. Wowotcherera akuti abwera posachedwapa. Ndaswera nditakhalira chitseko. Anthu akufunsa ngati ndikugulitsa, wina wafunsa ngati ndine amene ndapulumuka pangozi.

Kunyumba, chitseko chinacho sichikuoneka. Amayi atsekera khola la mbuzi. "Ndinachipeza pansi, ndimayesa wataya." Akuti chakwana ngati anachita kuyeza.

Lachinayi

Magetsi abwera. Mahinjesi a galimoto kulibe, wowotcherera waika a geti. Akuti geti lake silinagwepo.

Amayi akukana kubweza chitseko. Ndawafotokozera za chitukuko, za mtengatenga, za tsogolo la boma lonse la Phalombe. Andimvetsera mpaka kumapeto. Ayankha kuti afisi sadziwa zimenezo.

Pulani yatsopano: Loweruka tikaimika galimoto mbali yabwino italoza kwa a Mwaliwa. Ku koleji zimenezi tinkazitcha luso la malonda.

Lachisanu

Chalowa! Chowongoka ngati msilikali. Ungochikhudza ndi chala, chokha chikupita: khe! Ndakhala pampando wa dalaivala, kutsegula, kutseka, kutsegula, kutseka, mpaka oonerera onse atopa. Galasi ndalikweza, ndalipukuta ndi sopo.

Linya ndalitentha pamaso pa aliyense. Malume angoyang'ana utsi.

Ndikuganiza kale dzina la kampani. Galimoto yachiwiri idzakhala lole.

Loweruka

Shati yoyera, tayi, nsapato zomwe ndinavala polandira digiri. Malume achotsa mwala kutayala, ayamba kukankha, chigongono pachitseko monga mwa masiku onse. Ine: "Malume, musachiyedzamire, chigwanso!"

Achisiya.

Khe!

Handulo yakunja sigwira ntchito. Malume sakukumbuka kuti inafa liti. Akuti sinafunikepo.

Galimoto yanyamuka pa nthawi yake. Ife tatsala.

Tikuthamanga nayo, malume akukoka handulo, ine ndikumenya galasi loyera bwino lija. Yadutsa mtengo wa mango. Yadutsa mjigo, amayi otunga madzi kubalalika ndi zidebe. Yalowa m'munda wa chinangwa wa anthu oyandikana nawo, yaswa mizere, yakaima mphuno pachulu.

Mbali inayo kulibe chitseko. Tikanangozungulira n'kulowa. Amayi ndi amene atikumbutsa, galimoto itaima kale.

Mwini munda wazula chinangwa chothyokacho n'kuchiunjika kumbuyo kwa pikapu kuti akuluakulu a m'mudzi adzaone. Katundu woyamba wa kampani.

Lamulungu

Abambo a kutchalitchi abwera atatuluka mapemphero, aikoka pikapu ndi kuibweza pamwamba pa mtsetse. Onse ayesa chitseko. Onse ayamikira: khe! Wina wachita kulowera mbali inayo kuti achitsegule.

Nkhani ya ku Chiringa: a Mwaliwa anatidikira, kenako ntchito anapatsa mwini ngolo ya ng'ombe. Ngolo ilibe chitseko n'chimodzi chomwe.

Amayi andipatsa chingwe cha mbuzi. Akuti sizikuchifunanso, pano zili ndi chitseko.

Malume atsegula chitseko chokonzedwacho, achigwedeza, apukusa mutu. "Ine chinanditengera zaka kuti chigwe. Iwe ndiwe mnyamata, uli ndi thupi. Lendewera pamenepa."

Ndikulendewera. Mahinjesi a geti ndi olimbadi. Malume akuti mawa ndilawirire.