Mfuti Imene Ndinkasaka ku Ntengo-Wambalame

Nkhani iyi ana anga amaikonda, koma ine ndikamaifotokoza makutu amanditentha ndi manyazi mpaka lero. Imvani mmene ndinatsalira pang'ono kuwomberedwa chifukwa cha masamba a kuphiri.

Nkhondo ili pakati, ndinali enfermeru, kunena kuti namwino, pa kachipatala kena kufupi ndi Ntengo-Wambalame. Galimoto ya mankhwala inali itasiya kubwera. M'kabati munatsala thonje ndi mphemvu basi. Ndiye anthu anabwera atanyamula a Zakariya, mlimi wa kachewere, amene anadzitema ndi khasu pamwendo. Chilonda chinali chitayamba mafinya ndi fungo. Ndinadziwa kuti chikapitirira, mwendo upita, mwinanso mwini wake.

Ndinakumbukira profesori wathu, mzungu, pa kursu ya unamwino ku Tete. Ankati kuli kachitsamba kotchedwa tomilyu, mafuta ake ali ndi timolu ndi karvakrolu, zinthu zimene zimaboola khungu la tizilombo toyambitsa mafinya mpaka tife. Kuphiri kwathu kunali kachitsamba ka masamba ang'onoang'ono, fungo lake lomwelo ndendende. Ndinadziguguda pachifuwa: pronto, mwendo uwu sudulidwa ine ndilipo!

Mafutawo amatuluka ndi nthunzi, mofanana ndi mmene amatchezera kachasu. Mphika ndinali nawo, masambanso ndinali nditathyola kale mtolo wonse. Chosowa chinali paipi ija imene nthunzi imadutsamo, imene otcheza kachasu amaitcha mfuti.

Ndinathamangira kumsika, kwa mayi Nangozo, katswiri wa kachasu.

"Mayi, ndibwerekeni mfuti yanu!"

"Yanga inang'ambika, a enfermeru. Kafunseni kwa a Naphiri, nawonso amatcheza."

"Koma ikhale yaitali, yopanda dzimbiri," ndinatero mokweza, poti ine mawu anga sadziwa kunong'ona. "Mawa lomweli ndikufuna ndiwaphe onse!"

Anthu pamsika anayang'anizana. Bambo wogulitsa nyemba anayamba kumanga thumba lake. Ine osatolapo kanthu, ndinapitiriza khomo ndi khomo kufunsa mfuti.

Dzuwa lisanapendeke, amilisiya awiri anali atandigwira m'khwapa uku ndi uku, ulendo wa kwa komandanti wawo, munthu wamfupi wosadziwa kumwetulira.

"Kamarada enfermeru, mfuti mukuifuniranji?"

"Kupha adani, shefi."

"Adani? Ali kuti?"

"Kuchipatala kwanga konkuja."

"Angati?"

"Sawerengeka! Ndipo akuchulukirachulukira tikulankhula pano."

Komandanti anadzuka, mpando unagwa chagada.

"Ntchito imeneyi anakuphunzitsani ndani?"

"Mzungu wina ku Tete."

Kumbuyo kwanga ndinamva khwetche! Mfuti yeniyeni, ya zipolopolo. Apo ndi pamene nzeru zinabwerera m'mutu.

"Ya kachasu, shefi! Mfuti ya kachasu! Adaniwo ndi tizilombo ta m'chilonda!"

Komandanti anadzutsa mpando wake. Kenaka anati, "Mentira kapena zoona, tikaonera komweko. Tiyeni."

Tinapita kwa a Naphiri, ine patsogolo ndi mtolo wa masamba pamutu, amilisiya pambuyo, mudzi wonse pambuyo pawo. A Naphiri anamata mphika ndi dothi, ine ndinakoleza moto. Ndinali nditatsimikiza: mafuta atuluka, atuluka basi.

Anatulukadi. Mtolo wonse uja unabala botolo la madzi onunkhira, pamwamba pake tikuyandama timafuta tosadzaza ngakhale supuni. Ndinatiwengula mosamala n'kukweza supuniyo ngati bendera.

"Awa, shefi! Dontho limodzi limapha zikwizikwi!"

Eee, pakamwa panga!

"Ndiye kuti ndi chiphe," anatero komandanti. "Mukufuna muthire m'chitsime?"

"Ayi, amapha tizilombo tokha. Munthu samupha."

"Imwani tione."

Profesori uja anali atatichenjeza kuti mafuta amenewa samwedwa, ngakhale pakhungu sapakidwa osasungunula. Koma kukana kukanakhala kuvomera mlandu, ndipo a Zakariya ankandidikira. Ndinaima njo ngati msilikali, n'kumeza.

Abale, ndinameza khala la moto! Lilime linafa, mphuno zinatseguka ngati mipopi, misozi mbwembwembwe. Ndinafuna kunena kuti "mwaona, palibe vuto," koma chinatuluka ndi kulira kwa mbuzi. Ndinazungulira nkhokwe ya a Naphiri ndikudzikupiza pakamwa, n'kukagwetsa mutu wonse m'ndowa ya madzi oziziritsira mfuti. Ndowa inagubuduka, ine nayo limodzi.

Za a Zakariya musade nkhawa. Ndinkatsuka chilonda chawo m'mawa ndi madzulo ndi madzi owiritsa a mchere, n'kutsirako madzi onunkhira aja, ndipo mwendo unapola. Kaya unali mchere, kaya masamba, kaya kachitsambako kanalidi tomilyu, sindingalumbire.

Koma tsiku limenelo, ndili gone m'matope, mudzi wonse ukugubuduka ndi phwete, komandanti anawerama n'kundiyang'ana kumaso. Kenaka anatembenukira anyamata ake.

"Msiyeni azipita. Mfuti ya munthu uyu imawombera mwini wake."

Ndiye inu, kukakhala nkhondo, paipi muziitchula kuti paipi.