Nkhondo ya Zigubu Zinayi za ku Oldbury

M'masiku amenewo, pamene mabasi a ku Oldbury ankachedwa ndi mphindi zitatu ife n'kumadandaula, osadziwa kuti tidzabwerera kwathu kukadikira minibasi kuti idzaze, kunabuka nkhondo m'nyumba ya a Rapson, nesi wa mafupa, Mkango wa pa Wodi Seveni, Mwini Nyanja ya Pabalaza.

Pabalazapo panali thanki yagalasi, momwe munkakhala tinsomba tiwiri tosadyedwa pamodzi ndi makorali, timiyala tamoyo ta m'nyanja yamchere tonga maluwa, tomwe timafa madzi akangokalamba. Ndipo taonani, makoraliwo anayamba kuyera ngati imvi.

"Mchere wa m'paketi ayi!" anabangula a Rapson. "Ana angawa amwe nyanja yeniyeni, ya ku Wales! Loweruka ndikukatunga!"

Koma zigubu zinayi za m'nyumbamo zinali za akazi awo, a Ndaziona, Mfumukazi ya Thobwa, Chiphaliwali cha ku Ntcheu, amene tsiku lokwera ndege analumbira kuti mutu wawo sudzasenzanso madzi. Zonse zinayi zinali zitadzaza thobwa la amayi amvano, la Loweruka lomwelo.

"Bambo a Kayla," anatero, manja ali m'chiuno, "ndinathawa mjigo wa kuseri kwa sukulu kuti ndidzakwatiwe ndi mjigo wa ku Wales? Gwirani chigubu chimodzi muone!"

"Mayi a Kayla, thobwa limadikira. Imfa sidikira!"

"Dad, just buy more containers," anatero Kayla, mwana wawo, maso ali pafoni. Makolo ake anangopitiriza kukangana, pakuti nzeru za ana obadwira kumeneko zimathetsa nkhondo isanakome.

Masiku atatu ankalankhulana kudzera m'timapepala ta pafiriji, makorali akuyererayerera. Pomaliza anafika ankhoswe, a Maynard, Njovu ya ku Wolverhampton, nagamula motere: zigubu zipite kunyanja zili ndi thobwa, amvano akapempherere komweko, amwe, atsuke kasanu ndi kawiri, zibwerere zili ndi nyanja.

Gulu lankhondo linanyamuka m'mamawa pa magalimoto atatu, nyimbo zili pakamwa. Atafika kugombe, anatsika m'magalimoto. Kunali mchenga wokhawokha mpaka kumene maso amalekezera.

"Nyanja aiba!" analira a Rapson.

"It's low tide, Dad," anatero Kayla.

Ife a ku Malawi timadziwa nyanja yaulemu, yomwe ukaisiya ku Salima umakaipeza pomwepo. Iyi imachoka osatsanzika, n'kubwerako ikafuna.

Thobwa litatha, amuna anatsata madziwo ulendo wa theka la ola, nalowa mpaka m'mawondo, mano akugwedezeka ndi kuzizira, natunga oyera. Pobwerera ndiye panagona nkhani. A Maynard anakoka chigubu chawo ngati mbuzi yokana kumsika. A Rapson, katswiri wa misana ya anthu ena, anagwira wawo n'kukhala pansi.

A Ndaziona anayang'ana mwamuna wawo, anayang'ana kumwamba, navula mpango, naupinda nkhata.

"Nditwikeni," anatero. "Koma lumbiro langa lisweka lero lokha, mwamva?"

Amayi ena atatu anatsatira. Anayenda mumzere, makosi ali njo, akuimba ya mvano, osataya ndi dontho lomwe, azungu oyenda ndi agalu awo akuwajambula ngati aona mfumu ikudutsa.

Madziwo atathiridwa m'thanki, makorali anabwerera mu mtundu wake. Pa mwambo wa mtendere, a Maynard anawerenga pangano pamaso pa thanki: zigubu ziwiri za nyanja, ziwiri za thobwa, ndipo a Rapson aphunzire kusenza. Kansomba kakakulu kanapatsidwa dzina loti Ndaziona, chifukwa nakonso kankathamangitsa kanzake. Anthu anaombera nsomba m'manja, nsomba osalabadira.

Ndikulemba izi ku Area 25, mpopi utauma masiku anayi. Chigubu changa chili pakhomo, ndipo palibe mzungu woti andijambule.