Mjigo umene ndinaumiza

Kufupi ndi Makhanga kuli mjigo umene mpaka lero sindifuna kuuona. Ndinauika ndine, ndi pensulo.

Nthawi ya chipani chimodzi ndinkagwira ntchito yojambula mapu. Ankatipatsa zithunzi zojambulidwa kuchokera m'ndege, ife n'kumawerenga madenga kuti tidziwe kumene anthu achuluka. Chaka china dera lonselo linapatsidwa mjigo umodzi wokha, ndipo anati ine ndisonyeze pokumba. (Ndinali ndi galasi lokuzira zinthu, moti ndinkadziona ngati ndege ndine ndemwe.)

Pachithunzi, m'mbali mwa Shire munali timadenga waliwali. Kumtunda kunkaoneka mitengo yokhayokha. Ndinalemba kamtanda pakati pa timadengato, n'kupita kukazika chikhomo.

Ndikukhoma, anafika mayi wina wachikulire, khasu paphewa.

"Baba, mjigo mukuika pano?"

"Pompano, mayi. Anthu ali pano."

"Nkhabe, baba, iyayi. Iyi ndi misasa ya kudimba. Kwathu ndi kumtunda, pansi pa mitengo iyo. Madzi akabwera, pano timadutsa tikupalasa mwadiya."

Ndinawatambasulira chithunzi. "Ndege sinama, mayi."

Anayang'ana chithunzicho, kenako nsapato zanga zopolisha. "Pyadidi, baba, chabwino. Boma ndilo lidziwa." Masiku amenewo munthu wa boma sankatsutsidwa kawiri.

Ndegeyo sinaname ayi. Inangojambula m'chilimwe, pamene mabanja amatsikira kudimba kukalima chimanga ndi mbatata, n'kumagona m'misasa. Nyumba zenizeni zinabisika pansi pa mitengo ya mango ndi masau. Izi ndinazimvetsa mjigo ataukumba kale.

Mvula itagwa, ananditumanso kuti ndikaone mmene anthu akusangalalira. Ndinapita pabwato. Mjigo wanga unkangooneka chogwirira chokha, kakowa atakhalapo. Wopalasa anamuingitsa, namangirira bwato pachogwiriracho. (Ntchito ina yake mjigowo unali nayo ndithu.)

Kumtunda ndinapeza nyumba zambirimbiri zimene sizinali pamapu anga. Ndinapezanso mayi aja akusefa madzi amatope ndi chitenje. Ananditungira chikho.

"Imwani, baba, mwayenda."

Bola akanandikalipira. Ndinamwa onse, mchenga ukulira m'mano.

Polandira chikho chawo anati, "Ndege yanu ija ikadzabweranso, muiuze itsike idzatifunse."

Ndege inalibe makutu; ine ndinali nawo awiri.